Kuchoka m'kantemba ka pa Chongwe mpaka nyota paphewa

Mwana wa mlongo wanga anali mtsikana wosamveka mawu. Ukamufunsa dzina, yankho linkathera pachifuwa pake, iwe n'kuchita kuweramira kuti utoleko kena. Amene ankadutsa pa boma la Chongwe masiku amenewo amukumbukira: ankakhala m'kantemba kotumizira ndalama pafoni, m'mphepete mwa msewu wa Great East, pafupi ndi pamene maminibasi ochokera ku Lusaka amatsitsira anthu. Kawindo ka kantembako kanali kakang'ono, koma iye ankadzipinda mpaka kusaoneka n'komwe. Kasitomala ankatchula nambala kawiri, iye n'kuyankha kamodzi, maso ali pa kabuku kolembamo ndalama.

Ambiri sankadziwa kuti mtsikana wa m'kantembayo anali ndi digiri ya uphunzitsi wa masamu yochokera ku Chalimbana University, konkuno kwathu ku Chongwe. Chalimbana yakhala ikusula aphunzitsi kuyambira 1939, ndipo kwa ife a kuno mwana akavala gauni la kumeneko timati m'banja mwalowa mphunzitsi, basi zatheka. Tsiku limene anamaliza tinapha mbuzi. Mayi ake anapachika chithunzi chake pabalaza, pamwamba pa wailesi, kuti mlendo aliyense ayambe waona chimenecho asanakhale pansi. Kenako kunabwera kudikira. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 pa nthawi imodzi, chinthu chimene dziko lino linali lisanaonepo, koma ofunsira anali ochuluka kangapo kuposa malowo. Tinayang'ana mndandanda wa mayina kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Lake munalibe.

Kudikira ntchito kumadya munthu mwakachetechete. Anasiya kupita kukwaya. Nsapato za tsiku la gauni zinatuwa pansi pa bedi. Anzake akamuitana ku ukwati ankati mutu ukumupweteka, pamene chenicheni chinali kuopa funso lija loti, "Nanga ntchito zili pati?" Tsiku lina bambo wina anamuonetsa uthenga wabodza pafoni wonena kuti ndalama zalowa, iye n'kuwerenga makwacha kumupatsa. Anazindikira chinyengocho munthuyo akadali pakhomo la minibasi, mtunda woti akanakuwa kamodzi anyamata oitanira anthu akanamugwira pomwepo. Koma mawu anakana kutuluka. Anangoima pakawindo n'kumaonerera minibasi ikuchoka, ndipo mwini kantemba anamudula malipiro a mwezi umenewo. Madzulo ake ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe akulira, ndipo ngakhale kulirako sikunkamveka. Ameneyo ndiye mwana amene tinali naye: woopa agalu, woopa mdima, woopa ziphaliwali, woopa ngakhale kufunsa chenji m'basi.

Sipanapite nthawi yaitali, kunatuluka chilengezo choti Zambia Army, Zambia Air Force ndi Zambia National Service akufuna anyamata ndi atsikana, kuphatikizapo amene ali ndi madipuloma ndi madigiri. Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi anabwera kwanga, anagwada chapatali potero n'kulankhula kena. Ndinamuuza kuti abwereze. Anakweza mutu, n'kunena momveka bwino kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri: "Amalume, ine ndikufuna kulowa usilikali."

Kwathu nkhani yotere siithera pa anthu awiri. Ine ndine mwini mbumba, choncho ndinaitana onse pansi pa mtengo wa mango kwa agogo ake. Mayi ake ndi amene anayamba, ndipo anayamba ndi masamu awoawo: matumba a chimanga amene anagulitsa, ng'ombe imene inapita, zitenje zimene sanagule, zonsezo kuti mwana akagwire choko, lero akuti akagwira mfuti? Azakhali ake anafunsa zimene azakhali amafunsa, zoti mwamuna wake ndani adzalimbe mtima kufunsira mkazi wovala jombo. Agogo ake anakhala chete mpaka onse atatha, kenako anati, "Inu nkhondo mumaionera pa TV. Ine ndinaimva ndi makutu angawa." Ankanena za 1978, pamene ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi za 1979, pamene asilikali a Rhodesia anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Chongwe, msewu wopita kum'mawa n'kuduka. Mawu a agogowo palibe anawatsutsa, chifukwa anali oona.

Ubwino wa Chongwe ndi woti msilikali sasowa. Tili ndi Mikango Barracks m'boma lomwe lino, a Zambia National Service ali ndi minda yawo kuno, ndipo a ndege zankhondo ali cha ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Ambiri akapuma ntchito amapempha malo n'kukhazikika m'midzi ya mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Mmodzi wa iwo ndi mnansi wathu, bambo wachikulire amene tonse timangoti a Sajeni. Ndinawapempha kuti abwere adzauze mwanayu zoona zokhazokha, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo anachitadi zimenezo mosanyengerera.

Anayamba ndi mayina a makampu. Anamufunsa ngati anadabwapo chifukwa chake ku Lusaka kuli Arakan, ku Kabwe kuli Kohima ndi Chindwin, ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa, ku Chipata kuli Gondar. Palibe dzina la Chinyanja, Chisoli kapena Chibemba pamenepo. Onsewo ndi malo a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ena ku Burma ndi ku India, ena ku Somaliland ndi ku Ethiopia, kumadera kumene makolo athu a Northern Rhodesia Regiment anatumizidwa, ena osabwerako. "Ntchito iyi," anatero a Sajeni, "imayamba ndi kulumbira, ndipo ukalumbira supita kumene wafuna, umapita kumene watumidwa." Anamuuza za mwezi wa May mu 2000, pamene zigawenga za RUF ku Sierra Leone zinagwira asilikali ambirimbiri a Zambia amene anapita kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations, mabanja kuno n'kumagona khutu lili pa wailesi. Anamuuza kuti kuyambira 2015 asilikali athu amasinthana ku Birao, kumpoto kwa Central African Republic, kumalo kotentha ndi koopsa, ndipo si onse amene amabwerako akuyenda okha. Anamuuzanso kuti usilikali si shopu yoti abwana akakukalipira umavula apuloni n'kubwerera kwanu.

Atatha zimenezo ndi pamene anatembenukira kwa mlongo wanga. Anamuuza kuti digiri ya mwana wake sikupita kudzala. Gulu lankhondo lili ndi masukulu m'makampu, lili ndi chipatala chachikulu cha Maina Soko ku Lusaka, lili ndi milatho yomanga ndi mabuku a ndalama olemba, choncho limafuna aphunzitsi, anamwino, madokotala ndi mainjiniya. Munthu wa maphunziro ngati akewa amafunsira kukaphunzira uofesala, ndipo akapambana amatuluka ndi nyota paphewa. Kwa azakhali anangotchula mayina awiri: Thokozile Muwamba, mkazi woyamba m'Zambia kuulutsa ndege yomenyera nkhondo, ndi Barbra Banda, amene dziko lonse lapansi likumudziwa lero koma anakulira mpira ku Green Buffaloes, timu ya asilikali. Azakhali anangokonza duku.

Tsopano maso onse anali pa mwini nkhani. Ndinamufunsa kuti, atamva zonsezi, akadali pomwepo? Anayankha pang'onopang'ono koma mosabwerera m'mbuyo. "Agogo, mantha ndili nawo. Koma ndili nawo kale ngakhale m'kantemba muja. Kumeneko akandiphunzitsa chochita nawo." Kenako anayang'ana mayi ake. "Amayi, ndatopa kukhala pansi kudikira kuti wina andiitane. Masamu anga ndipita nawo, sindiwasiya pano." Ine pamenepo mtima unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa ndinaona kuti sakuthawa ulova chabe. Anali ataganiza, atayeza, ndipo anasankha yekha. Ndinavomera, koma ndinaika mfundo ziwiri. Yoyamba, palibe ngwee imene idzaperekedwe kwa munthu aliyense wonena kuti ali ndi m'bale wake kumalikulu. Yachiwiri, ayambe waonetsa thupi lake kuti likufunadi, poyamba kuthamanga mawa lomwelo.

Tsiku loyamba linali lomvetsa chisoni. A Sajeni anaimba wezulo tambala asanalire kachiwiri, mlongo wake wamng'ono akutsatira panjinga ndi botolo la madzi, ulendo wolowera njira ya ku Chalimbana. Sanafike n'komwe pa chigayo, anagwira mtengo n'kusanza. Amayi opita kumjigo anaseka mpaka kutula ndowa pansi. Tsiku lachiwiri anadzuka miyendo itauma gwa, koma anapita. Patapita masabata anayamba kudutsa chigayo chija osaima. Patapita miyezi wapanjinga uja ndi amene anayamba kudandaula kuti achemwali akuthamangitsa. Amayi a kumjigo aja anasintha nyimbo, akamuona ankakuwa, "Limba, mwana wathu, limba!" Ndipo iye, amene kale sankatha kupereka moni wa m'mawa, ankakweza dzanja n'kuyankha akuthamanga.

Zotsalazo zinali za mapepala ndi mizere: chitupa chobiriwira cha NRC, satifiketi ya Giredi 12, digiri, kupimidwa m'thupi, kuyesedwa liwiro, mafunso pamaso pa maofesala. Dzina lake litatuluka, mlongo wake anathamanga kuchokera pa boma foni ili m'manja, akukuwa asanafike n'komwe pabwalo. Mayi ake anakhala pansi pakhonde n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Mpaka lero amati sakudziwa ngati misozi ija inali ya chisangalalo kapena ya mantha.

Anapita ku Kabwe ndi sutikesi yachitsulo, ndipo kunangoti zii. Kumaphunziro a usilikali foni si chinthu chogona nacho pamtsamiro, moti nkhani zake tinkazimva mwa apo ndi apo. Ulendo wina anapeza mpata woimba, mawu atasasa: "Ndili bwino. Tsitsi anameta lonse. Mundipempherere mapazi." Zambiri anatifotokozera pambuyo pake. Kudzuka kukadali mdima, bedi loyalidwa mosalola khwinya ngakhale limodzi, kuguba mpaka dzuwa kufika paliwombo, kukwawa m'matope mfuti ili m'manja, kumasula mfutiyo ndi kuimanganso mpaka zala zitazolowera zokha. Akuti usiku wina m'tchire la ku Lukanga, matuza ataphulika m'jombo zonse ziwiri, anakhala pansi n'kunena kuti kwatha, akubwerera ku Chongwe. Mtsikana mnzake wa ku Mongu, amene poyamba sankamvana naye chilankhulo, anamulanda chikwama n'kuchiika pamwamba pa chake, n'kumukoka dzanja mpaka kunacha. Lero awiriwo amatchulana pachibale.

Chimene chimandikondweretsa koposa ndi nkhani ya mapu. Atafika pa phunziro loyenda m'tchire ndi mapu ndi kampasi, anyamata amphamvu aja amene ankamusiya kumbuyo pothamanga anayamba kukanda mitu. Kuyeza mtunda papepala n'kuusandutsa mapazi, kuwerengera makona, kudziwa pamene waima pongoona phiri ndi mtsinje, zonsezi kwa iye zinali masamu a ku Chalimbana atavala yunifolomu. Usiku ankakhala pakati pa anzake ndi tochi, akuwaphunzitsa. Apo ndi pamene anazindikira kuti akalankhula, anthu makumi atatu amakhala chete n'kumamvetsera. Mphunzitsi uja amene tinaphera mbuzi anayambira ntchito yake kumeneko, pansi pa mtengo, nkhope itapakidwa makala.

Tsiku la perete yomaliza maphunziro tinachita hayala minibasi, tinanyamuka usiku kudzera ku Lusaka n'kukwera msewu wa Great North mpaka ku Kohima Barracks. Agogo anakana kutsala. A Sajeni anavala jekete lawo la pa zikondwerero. Bandi italiza, mizere inalowa pabwalo, jombo zonse zikugunda pansi nthawi imodzi mpaka nthaka kumanjenjemera pansi pa mipando yathu. Mlongo wanga ankangotembenuka uku ndi uku: "Achimwene, ali kuti? Mwamuona?" Anali atamuyang'ana kale kawiri osamuzindikira. Ankafuna mtsikana wowerama, pamene patsogolo pake pankadutsa munthu wowongoka, chibwano m'mwamba, mapewa otambasuka, wakuda bii ndi dzuwa, wokongola moopsa. Wamng'ono uja ndi amene analoza: "Uyo! Wachitatu uyo!" Nthungululu imene mlongo wanga anaimba pamenepo ndikhulupirira inamveka mpaka kumsika wa Kabwe. Agogo anadzuka, ndodo anaiiwala pampando, n'kuyamba kuvina pakati pa anthu osawadziwa.

Mwambo utatha anabwera kwa ife, nyota ikunyezimira paphewa. A Sajeni, bambo woposa msinkhu wa bambo ake omubereka, amene anamuonapo akusanza pa mtengo wa kuchigayo, anaima njo, manja m'mbali, n'kunena mwaulemu wonse wa ntchito yawo, "Madam." Mwanayo anawayankha mwa usilikali, kenako anawagwira manja onse awiri n'kugwada pafumbi pomwepo, yunifolomu yatsopano ili m'thupi. Bambo aja analira osabisa. Ine ndinaseka, ndinaomba m'manja, ndinagwira chanza anthu amene sindidzawaonanso.

Nanga atabwera kutchuthi? Ha, abale, mudzi unadabwa! Tambala akamalira iye n'kuti atasesa kale bwalo lonse, madzi ali pamoto. Akaitana mlongo wake ali kudimba kutsidya kwa dambo, mnyamatayo amayankha ulendo umodzi, ndipo ana a anansi nawo amadzidzimuka n'kuima. Galu wa pa njira ya kumsika, amene anamuzunguliritsa njira yaitali zaka zonse za ku sekondale, anamuuwa kamodzi, iye n'kumuyang'ana, galuyo n'kubwerera pansi pa ngolo. Usiku wina mayi woyandikana nafe matenda a uchembere atamuyamba mwadzidzidzi, amuna tikufunsana kuti tichite bwanji, iye anali atagawa kale ntchito: uyu akadzutse mwini galimoto, uyu atenge zitenje ndi beseni, uyu aunikire njira. Mphindi zochepa chabe mayiyo anali pa ulendo wa kuchipatala cha boma, ndipo kutacha tinamva kuti kwabadwa mwana wamkazi. Mtsikanayu waphuka ngati chimanga chimene chalandira fetereza wachiwiri mvula itagwa usiku.

Za m'thumba nazo zasintha, ndipo sindichita manyazi kuzitchula, chifukwa njala siidziwa ulemu. Mvula itakana m'nyengo ya 2023 ndi 2024, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza pa 29 February 2024 kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, minda ya kuno inauma chimanga chisanabereke, nkhokwe zathu zinangokhala pululu. Ndalama zimene mwanayu ankatumiza ndi zimene zinagula unga wa nyumba ziwiri, ya mayi ake ndi ya agogo ake. Kuchokera apo wasintha malata odontha a kuchipinda kwa mayi ake, ndipo wauza mlongo wake kuti za mabuku ndi yunifolomu asadere nkhawa, iye angobweretsa magiredi. Kumene akugwira ntchito amaphunzitsa masamu, amayang'anira asilikali ake, ndipo Loweruka akapeza mpata amathandiza ana a m'kampu okonzekera mayeso. Chithunzi cha gauni chija chikadali pabalaza. Mayi ake angochisuntha pang'ono kuti pakwane china cha yunifolomu, ndipo mlendo akalowa amamuimika pakati pa ziwirizo mpaka tiyi kuzizira. Azakhali aja ndi amene tsopano amauza aliyense kutchalitchi kuti mwana wa achimwene awo ndi ofesala.

Pali zina zimene jombo sizinasinthe, ndipo zimenezo zimandisangalatsa chimodzimodzi. Akafika pakhomo amamanga chitenje, amagwada popereka madzi kwa agogo ake, amakhala pamphasa n'kumasenda nawo mawungu. Kwa ine akadali kunena kuti "amalume" ndi mawu ofatsa, kungoti masiku ano ndimamva ulendo woyamba. Agogo nawo mantha awo sanathe, ndipo ine sindiwauza kuti awataye. Mdzukulu wawo wanena poyera kuti mwayi wopita ku Central African Republic ukadzapezeka sadzaukana, choncho usiku uliwonse dzina lake limayamba kutchulidwa m'pemphero. Ntchitoyi ndi yoika moyo pachiswe, ndipo banja lililonse lopereka mwana liyenera kudziwa zimenezo lisanasaine kalikonse. Ife tinadziwa, mwini wake anadziwa, ndipo tikayang'ana munthu amene wabwerera kwa ife, ndikunena mosajejema kuti anasankha bwino.

Atsikana a kuno ayamba kumuzungulira akabwera. Pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Asoli amasonkhana kupempha mvula, ndinaona atatu atamupanikiza pambali akumufunsa za maphunziro ndi za kumeta tsitsi. Sanawanamize. Anawauza za matuza, za matope, za kulumbira, n'kuwauzanso kuti amene mtima wake uli m'kalasi kapena m'chipatala cha kumudzi adikire ntchito yakeyo mosachita manyazi, chifukwa usilikali wolowera njala yokha sufika nawo patali.

Tsono inu achinyamata a ku Chongwe, ku Kanakantapa, ku Kasisi ndi ku Palabana amene mwasunga madipuloma ndi madigiri m'masutikesi, ngati mtima ukukuuzani za yunifolomu, musaubise. Kapezeni msilikali wopuma wa m'mudzi mwanu akuuzeni zonse, zowawa ziyambe. Khalani pansi ndi makolo ndi amalume anu. Inu makolo, mwana wamkazi akabwera ndi nkhani imeneyi, mumvereni mpaka amalize. Chilengezo chikadzatuluka, konzani mapepala anu enieni, musapereke ngwee kwa aliyense wolonjeza malo chifukwa kulembedwa usilikali n'kwaulere, ndipo kuthamanga yambani mawa m'mawa.